Paipi ya Kuseri kwa Chimbudzi Changa

Inu a ofesi ya madzi, dzulo munandiuza kuti nkhaniyi ithere mu ofesi mwanu. Siithera mmenemo ayi. Munandikhazika pampando nthawi ili 10:40 m'mawa, n'kundiuza monong'ona kuti mukunditeteza. Kunditeteza kwa yani? Kwa mayi wogulitsa usipa amene ndidamuipitsira dzina pamsika chifukwa cha paipi yanu? Ukali ulipo, koma ndisaname, manyazi ndiwo achuluka.

Kwa inu amene simundidziwa, ndine Anaphiri, mlangizi wa zaumoyo pano pamsika pathu. Ndine uja wa yunifomu ya buluu amene amalowa m'makomo mwanu odi ali mkamwa, n'kuvundukula ndowa, n'kusuzumira m'chimbudzi. Ndidakulira ku Mua, bambo anga anali aphunzitsi, ndipo kwathu mwana ankayamba kudziwa sopo asanadziwe nsapato. Ndimadziwa kuti amayi ena akandiona patali amathamangira kukabisa mbale zosatsuka. Ndinkanyadira zimenezo. Pakamwa panga mumapadziwa nonse.

Chaka chatha mu Okutobala chimbudzi changa chidadzaza. Ndidaganiza zokumba chatsopano, chachitsanzo, choti ndizibweretsa anthu kudzaonera: simenti pansi, chivundikiro pabowo, mpondagiya wosambira m'manja pakhomo pake. Puloti yanga ndi yaing'ono. Malo okhawo anali kuseri, kufupi ndi mpanda. Tsono ine ndimaphunzitsa anthu kuti usanakumbe dzenje uziyamba wafunsa kumene kwadutsa madzi. Ndidachita zomwe ndimaphunzitsa. Ndidapita ku ofesi yanu.

Lolemba, 8 koloko, ndidapeza loko pachitseko. Ndidakhala pakhonde mpaka 9:25. Kenako adatulukira bambo wa pakauntala, chinangwa chootcha chili m'manja. Ndidamuuza kuti ndikufuna kuona mapu a mapaipi a mzere wathu. Adasiya kutafuna.

"Mapu a chiyani, amayi?"

"A mapaipi. Ndikufuna kukumba chimbudzi."

Adaseka mpaka kutsamwa. Adati mapu a mapaipi a tauni ino anali m'mutu mwa a Mbewe, pulambala wakale, ndipo a Mbewe adapuma ntchito n'kupita nawo mutu wawo kwawo ku Golomoti. Adati ndisadzivute, mapaipi onse amatsata msewu.

"Nanga paipi ikalowe kuseri kwa nyumba yanu, ikufuna chiyani kumeneko? Kumbani, amayi."

Ndidati andilembere mawu amenewo papepala. Adati iye salemba, amalemba ndi abwana, ndipo abwana ali kumsonkhano. Lachitatu ndidabweranso kudzapempha kuti munthu mmodzi abwere adzangoona malowo. Adati njinga yamoto ilibe mafuta. Ndidati kwathu n'kwa mphindi khumi wapansi. Adati ogwira ntchito zakunja sayenda wapansi. Lachisanu nditangoponda pakhomo, bambo uja adakuwa anthu ali pamzere.

"Amayi, mwabweranso? Chimbudzi chimodzi chomwechi? Mukumanga hotela?"

Anthu adaseka. Ine ndidatembenuka n'kutuluka. Maulendo atatu, yankho limodzi: kumbani.

Ndidaitana a Lufeyo, amene amakumba zimbudzi ndi zitsime pano. Adakumba Lachiwiri, ine ndili kumudzi wina kusikelo ya ana. Pobwera madzulo ndidawapeza akupukuta piki.

"Amayi, pakona padzenjepo ndapezapo kapaipi kakuda," adatero. "Piki inakakhudza pang'ono. Koma n'kouma, mulibe ndi dontho lomwe. Ndakamanga ndi mphira ya chubu cha njinga."

Ndidasuzumira. Kanalidi pomwepo, kokula ngati mkono wa mwana, kodutsa pakona. Ndidaimba foni ku ofesi nthawi yomweyo. Adayankha bambo yemwe uja. Adati ngati mulibe madzi ndiye kuti n'kakufa, kakalekale, ndipitirize.

Apa ndipamene ndikufuna mundimvetse, chifukwa mbali yanga sindiibisa. Nonse mukudziwa kuti madzi pano amatuluka Lolemba, Lachitatu ndi Loweruka, kuyambira 5 koloko mpaka 9 koloko m'mawa. Tsikulo linali Lachiwiri. Lachiwiri paipi iliyonse ya tauni ino imakhala youma! Munthu wa ofesi ya madzi sadakumbukire zimenezo. Inenso sindidafune kuzikumbukira. M'mawa mwake madzi atatsegulidwa, ndikadangotsikira m'dzenjemo n'kuika khutu pa kapaipiko, ndikadamva. Sindidatero. Ndidatsegula mpopi wanga, madzi adatuluka mwamphamvu, oyera, ndipo ndidati zonse zili bwino. Ndinali nditatopa ndi kusekedwa, ndipo ndinkafuna chimbudzi changa chithe mvula isanayambe. Masana a tsiku lomwelo a Lufeyo adayala mitengo, n'kutseka pamwamba.

Chidakongola chimbudzicho. Ndidabweretsa magulu awiri a amayi kudzachiona, ine ndikuloza ndi kandodo.

Kumunsi kwa nyumba yanga, kulowera kudambo, kuli nyumba zisanu. Zambiri ndi za asodzi. Yoyamba ndi ya amake Zainabu. Amuna awo amagwira ntchito kunyanja, iwo amayanika usipa pathandala n'kumagulitsa pamsika. Takhala moyandikana zaka zisanu ndi zinayi. Pa Idi amanditumizira mbale ya mpunga, ine pa Khirisimasi ndimawatumizira nkhuku yamoyo kuti aizinge okha mwa chipembedzo chawo. Amuna anga atamwalira, amake Zainabu ndiwo adagona nane m'nyumba sabata yathunthu. Ndikunena izi kuti mudziwe munthu amene ndidamuchita chipongwe.

Mvula idabwera. Kuno kuchigwa madzi ali pafupi, ikagwa sabata imodzi dzenje lililonse limadzaza. Mu Januwale, m'mawa wina cha m'ma 6:30, amake Zainabu adagogoda pakhomo panga, kapu ili m'manja.

"Anaphiri, tanunkhizani madziwa. Akangoyamba kutuluka amabwera chonchi, kenako amayera."

Kodi ndidanunkhiza? Ndidangoyandikiza mphuno mwamwambo chabe. Ndidapita pampopi panga, n'kutunga anga m'tambula, n'kuwaonetsa padzuwa.

"Paipi ndi imodzi, amake Zainabu. Nanga anga sakununkha bwanji? Fungolo lili m'kapu mwanu. Ndi nsomba."

Adandiyang'ana pang'ono, n'kuthira madzi aja pansi, n'kubwerera kwawo. Amati wakutsina khutu ndi mnansi. Mwambi umenewo ndimaunena ndekha pamisonkhano, koma tsiku limenelo khutu langa linali louma.

Patapita masabata awiri Zainabu adadwala. Mwana wa zaka zitatu, kutsekula m'mimba ndi kusanza, maso mpaka kulowa. Adathamanga naye pa kabaza kuchipatala cha mishoni. Adagona masiku anayi ali padiripi. M'nyumba zina za kumunsi nakonso anthu ankadwala mosinthana. Ine ndidaona kuti nyumba zonsezo ndi za nsomba, ndipo mutu wanga udamaliza nkhani pomwepo.

Ndidaitanitsa msonkhano pamsika, pansi pa mtengo wa nimu. Anthu adabwera ambiri. Ndidalankhula bwino tsiku limenelo, Mulungu andikhululukire. Ndidati kuli makomo ena kumene thandala la nsomba lili pafupi ndi ndowa ya madzi akumwa. Ndidati ntchentche imachoka pansomba, n'kutera pakapu, n'kutera pamlomo pa mwana, kenako anthu n'kumanamizira mpopi. Ndidati anthu otere akutigulitsanso ndiwo zomwezo. Mayi wina adafunsa kuti ndikunena ndani. Dzina sindidatchule. Ndidangoloza ndi mlomo kubenchi la amake Zainabu. Anali pomwepo, mwana ali kumsana, pulasitala ya diripi ikadali padzanja pake. Anthu onse adatembenuka.

Iwo adangokonza chitenje, n'kuyamba kuyala usipa wawo m'milu ngati sadamve.

Kuyambira tsiku limenelo anthu adayamba kulambalala benchi lawo. Amayi anzawo a pamsika adawapatsa dzina loti amake ntchentche. Ndidalimva dzinalo kangapo, ndipo sindidadzudzule munthu. Pofika mu Malichi adalisiya benchilo. Tsopano amagulitsira m'mbali mwa msewu, kuthamangira mawindo a minibasi, kwa apaulendo amene sawadziwa. Mpunga wa pa Idi chaka chino sudabwere.

Inu a ofesi, mayi ameneyu adabwera kwa inu ndi madzi m'botolo. Kawiri. Mukukana? Botolo loyamba mudati alisiye pakona, mudzaliyeza. Lachiwiri simudalilandire n'komwe. Mudamuuza kuti, "Ngakhale a zaumoyo anena kuti vuto ndi ukhondo wanu." Mawu anga opusa mudawasandutsa chishango chanu. Botolo loyamba lija lili kuti? Mudaliyeza liti? Mudapeza chiyani?

Mwezi uno, Loweruka lina 6 koloko m'mawa, ndidalowa m'chimbudzi changa chachitsanzo chija. Mvula idaleka kalekale, maenje a anzanga adaphwa, koma langa linali lodzazabe madzi, ndipo ndinkangoti ndi dothi la pano. Tsikulo kunali zii, ndipo ndidamva kaphokoso pansi, tsiii, kosalekeza. Ndidachotsa chivundikiro, n'kuwalitsa tochi ya foni. Pakona paja madzi ankatumphuka. Mphira ija idali itamasuka. Kapaipi kakufa kaja kanali kamoyo.

Ndidaima pomwepo mpaka 9 koloko. Mutatseka madzi, phokoso lija lidasintha. Kapaipi kadayamba kuyamwa, ngati mwana akuyamwa botolo lotha. Sindidafune wondimasulira, izi ndimaziphunzitsa ndekha. Mukatseka madzi, otsala m'paipi amatsetserekera kumunsi, ndipo paipi imakoka chilichonse chili pabowo. Chili pabowopo chinali cha m'mimba mwanga ndi mwa ana anga. Mukadzatsegulanso, chimenecho ndicho chimayamba kufika kumipopi ya kumunsi. Mpopi wanga umachokera kumsewu, kumtunda kwa bowolo, n'chifukwa chake madzi anga anali oyera. Mawu a amake Zainabu adandibwerera onse: akangoyamba kutuluka amabwera chonchi, kenako amayera.

Ndidatuluka n'kukhala pansi pafumbi, pafupi ndi mpondagiya wanga wokongola. Ndidasanza.

Mukuganiza kuti ndidathamangira kwa amake Zainabu? Ayi. Loweruka lonse ndidadzitsekera m'nyumba. Lamulungu ndidapita ku Misa, koma nthawi yolandira itakwana sindidapite kukalandira. Masana ndidatsikira kunyumba zisanu zija, n'kuwauza kuti mawa asamwe madzi a pampopi, atunge kumjigo. Adandifunsa chifukwa. Ndidati tikufufuza. Ine, wa pakamwa posatseka, choona ndidachibisa.

Lolemba 8 koloko ndinali pakhonde panu. Mudatsegula 9:10. Ndidafotokoza zonse, osabisa kanthu. Bambo wa pakauntala adati ndilembe pafomu. Ndidati andipatse fomuyo. Adati mafomu adatha. Ndidati ndilembe papepala langa. Adati dandaulo la papepala wamba sililowa. Kenako adandifunsa funso limene sindidzaliiwala.

"Mungatsimikize bwanji kuti paipiyo ndi yathu?"

Ndi ya yani tsono? Ya sing'anga? Imatuluka madzi 5 koloko mukatsegula, imaleka 9 koloko mukatseka. Pali wina amene amagawa madzi mobisa tauni ino?

Ndidapempha chinthu chimodzi chokha: tsekani vavu ya mzere wa kumunsi mpaka mutakonza. Adapita kukafunsa mkati. Adabwera n'kunena kuti sakudziwa ngati mzere umenewo uli ndi vavu yakeyake. Adati amisiri abwera mawa. Mawa lake sadabwere. Lachitatu 5 koloko mudatsegula madzi monga mwa masiku onse, paipi ili m'dzenje langa, inu mukudziwa. Ndidadzuka n'kukaima pamipopi ya kumunsi ndekha, kuletsa ana kutunga.

Lachinayi ndidakwera minibasi ya ku Golomoti kukasaka a Mbewe. Ndidafunsa pamsika, wa kabaza wina adati akuwadziwa. Ndidawapeza pakhonde akusoka thumba, munthu wokalamba, diso limodzi lachita ng'ala. Nditangotchula mzere wathu adayika singano pansi.

"Nyumba ya malata ofiira, yoyang'anana ndi chigayo? Paipi imeneyo ndidaikwirira ndine, mwananga. Kumsewu kunali mlambe waukulu. Tidazemba mizu yake, n'kudutsa kuseri."

Mlambewo udadulidwa ine ndisanabwere pano. A Mbewe adatenga kalendala yakale pakhoma, n'kuitembenuza, n'kuyamba kujambula ndi pensulo. Thanki, msewu, chigayo, mzikiti, tchalitchi, mzere ndi mzere. Adalemba mavavu asanu ndi awiri. Ya kumunsi kwathu adati ili pansi pa chiwaya cha tchipisi pasiteji, ndichotse njerwa ziwiri ndiiona. Ndidawafunsa ngati a ofesi adabwerapo kudzawafunsa zimenezi.

"Tsiku lotsanzika ndidawauza kuti tiyeni tiyende tauni yonse ndikusonyezeni. Adati adzandiitana. Ndikudikirabe, mwananga. Koma auzeni afulumire, diso lotsalali nalonso layamba."

Ndidabwerako 4 koloko madzulo. Ndidapempha wa tchipisi kuti asunthe chiwaya. Vavu inali pomwepo, pansi pa njerwa ziwiri, yodzaza mafuta ndi makala. Mayi wamasiye wokwera minibasi adaipeza tsiku limodzi. Inu muli ndi ofesi, chidindo ndi njinga yamoto.

Lachisanu ndidakupatsani kalendala ija. Mudabwera Lachiwiri lotsatira, 11:30, anthu atatu. Masiku asanu ndi atatu chinenereni. Mudadula paipi, n'kuilambalalitsa kunja kwa mpanda, ntchito ya maola awiri. Anthu atafunsa chimene chikuchitika, mmodzi wa inu adati mukungokonza mwa nthawi zonse. Ine ndinali pomwepo, ndipo ndidayang'ana pansi.

N'chifukwa chake dzulo ndinabwera kwa abwana anu. Nthawi ino anapezeka, ndipo anandilandira bwino mpaka kundiitanitsira tiyi. Ndinapempha kuti abwere pamsika, pansi pa nimu pomwe paja, adzanene pamodzi ndi ine kuti matenda a kumunsi adachokera m'paipi. Anadzuka n'kukatseka chitseko.

"Amayi, inu ndi munthu wophunzira. Taganizani. Tikanena, anthu afunsa kuti paipiyo inali pati. Tiyankha kuti m'chimbudzi cha a zaumoyo? Mudzalowanso m'khomo la munthu kukavundukula ndowa? Ifeyo tikukutetezani. Paipi takonza, madzi ayera. Nkhaniyi ithere mommuno."

Ndinafunsa za amake Zainabu.

"Amayi a nsombawo aiwala. Anthu amaiwala."

Kalendala ya a Mbewe inali patebulo pomwepo. Anaikapo kapu ya tiyi, ndipo pamzere wa kumsika panali patadindika kale chizindikiro chonyowa cha kapuyo.

Ndikuuzeni zoona, abale anga: ndinatuluka mu ofesimo mtima utapepuka. Ndinayenda mpaka pachigayo ndikudziuza kuti abwanawo akunena zanzeru. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo ine ndinali mkhatewo. Ofesi yabisala kumbuyo kwa manyazi anga, ndipo manyazi angawo anali okonzeka kuibisa. Ndikanangokhala chete, palibe akanadziwa. Ndinati ndingopita kwa amake Zainabu mwakachetechete, ndikapepese awiriwiri, zithe.

Ndinawapeza kuseri kwa nyumba yawo akutembenuza usipa pathandala. Anandiyalira mphasa. Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi madzi m'kapu, n'kugwada pondipatsa, monga timachitira ndi mlendo. Inali kapu yomwe ija.

"Imwani, Anaphiri. Ndi a kumjigo, ndawiritsa. Kapunso ndatsuka ndi sopo."

Ndinamwa. Kenako ndinafotokoza zonse, kuyambira pa piki ya a Lufeyo mpaka pa kapu ya tiyi ya abwana. Ndinalira, ine mayi wamkulu. Zainabu ankasewera ndi zitsekerero za mabotolo pafupi ndi thandala.

"Ndimadziwa," anatero mayi ake.

Ndinadzutsa mutu.

"A Lufeyo adawauza bambo ake a Zainabu mu Malichi, atakumana kudoko. Adati mtima sukuwapatsa mtendere ndi kapaipi kaja. Ine ndidasiya kumwa a pampopi, ndidauzanso anzanga a m'munsi muno. Ena adamva, ena adati ndikufuna kudziyeretsa. Ku ofesi ndidapitanso kachitatu kukanena."

"Adati chiyani?"

"Adati a zaumoyo sangakumbe chimbudzi pa paipi."

"Nanga ine osadzandiuza bwanji, amake Zainabu?"

"Ndidabwera ndi kapu, Anaphiri. Mudandiyankha. Ndikadabweranso, anthu akadamvera ndani, wa yunifomu kapena wa nsomba?"

Ndinati pepani. Ndinabwereza kangapo. Anatola kausipa kamodzi kamene kanagwa pansi, n'kukapukuta, n'kukabwezera pathandala.

"Pepani wanu ndamumva, ndipo Mulungu ndiye mwini kukhululuka. Koma mudandinenera pamsika, anthu ali bii. Kupepesa mwadzapepesera kuseri kwa nyumba."

Mawu amenewo ndiwo andilembetsa zonsezi.

Tsono inu a ofesi ya madzi, ndiyankheni pano pomwe anthu akuwerenga. Mumagawa bwanji madzi akumwa m'mapaipi amene simudziwa kumene adutsa? Ndidabwera katatu ndisanakumbe, ndidaimba foni nditaona paipi ndi maso, mudati kumbani, mudati n'kakufa. Ndi anthu angati ena amene mudawauza zomwezo? Maenje angati tauni ino ali ndi paipi pakona, yomangidwa ndi mphira ya njinga? Mayi adakubweretserani madzi onunkha m'botolo, mwana wake atangotuluka m'chipatala, inu n'kumubweza ndi mawu anga. Mudatsegula madzi Lachitatu lija mukudziwa kumene paipi yagona. Mudamwako inu?

A Mbewe ali moyo. Ali kuseri kwa Golomoti, wa kabaza aliyense akufikitsani. Kawatengeni diso lawo lisanatseke, muyende nawo tauni yonse, mulembe. Ngati njinga ilibe mafuta, yendani wapansi, miyendo muli nayo. Ndipo chotsani kapu pakalendala imeneyo. Ndidaijambula pafoni ndisanakupatseni, ndipo aliyense wofuna kukumba abwere kwa ine adzaone.

Inu anzanga a pano, musanakumbe dzenje musakhutire ndi mawu a pakauntala. Mukapeza paipi youma, yang'anani kaye kuti lero ndi lachingati. Dikirani tsiku la madzi, muikepo khutu. Madzi a pampopi panu akanunkha poyamba kutuluka, musamwe, musamwetse mwana, ndipo munthu asakuuzeni kuti fungo lili m'kapu mwanu, ngakhale atavala yunifomu ya buluu.

Loweruka lino, 10 koloko m'mawa, ndidzakhala pansi pa nimu pamsika. Ndidzavala yunifomu yomwe ija. Abwana a ofesi, mpando wanu udzakhalapo, mubwere kapena musabwere. Ndikudziwa kuti ena mudzabwera kudzandiseka. Bwerani, ndi zondiyenera. Mwina ikatha sabata ino palibe adzandilolenso kuvundukula ndowa yake, ndipo sindidzamuimba mlandu. Amake Zainabu sanalonjeze kuti abwera, anati tsiku limenelo minibasi zimachuluka pamsewu.

Inu amayi a pamsika amene mudawapatsa dzina lija, mudalitenga pakamwa panga, ndipo ndikulifuna libwerere kwa mwini wake. Benchi lawo likadali lopanda munthu. Usipa wa amake Zainabu ndi waukhondo, ndipo unali waukhondo nthawi yonseyi. Chimene chidagoneka Zainabu padiripi chidachokera m'chimbudzi changa.